Mwafunsa, Tayankha: Mudzi Ungatani Kuti Ana Ovutika Asasiye Sukulu?

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu amene atopa ndi kudikira thandizo lochokera kutali: a komiti ya sukulu, amayi, mafumu ndi achinyamata. Onse akufunsa za mwana amene lero ali m'kalasi koma mawa akhoza kusowa. Tasankhapo asanu ndi limodzi, ndipo ena tawafupikitsa.

Funso: Akonzi, pa sukulu yathu pali ana pafupifupi 300. Ikangofika Januwale makalasi amachepa, ndipo amene abwera amangosinza chifukwa cha njala. Mabungwe opereka phala sanafike kwathu. Kodi tingayambe tokha? Tiyambire pati? — Wapampando wa komiti ya sukulu, Ntchisi

Yankho: Bambo wapampando, n'zotheka ndithu. Koma musayambe ndi kugula miphika. Yambani ndi cholembera ndi pepala, chifukwa phala la m'midzi limafera pa masamu. Anthu amasonkha matumba khumi, n'kuyamba ndi nthungululu mu Seputembala, chimanga n'kutha mu Novembala njala yeniyeni isanagogode n'komwe.

Ufa wake ndi uja timautcha Likuni Phala, dzina lochokera ku Likuni kufupi ndi Lilongwe. Mumasakaniza magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya. Mwana aliyense muwerengereni magalamu 100 a ufa patsiku, ndiye kuti ana 300 adya makilogalamu 30 tsiku lililonse. Kuti mudyetse chaka chonse pafunika matumba oposa 100 a makilogalamu 50, katundu amene mudzi woyamba kumene sungasenze. Ife tikuti sankhani teremu yachiwiri yokha, Januwale mpaka kumapeto kwa Malichi, pamene m'nkhokwe mwatsala zitsononkho. Masiku 60 a sukulu afuna makilogalamu 1,800, omwe ndi matumba 36: chimanga 29, soya 7. Onjezeranipo matumba anayi, chifukwa soya amachepa mukachotsa makoko, komanso phala likangoyamba kununkhira, ana amene anasiya sukulu amabwerera, ena atabereka ang'ono awo kumbuyo. Ngati mabanja ozungulira sukulu ali 200, banja lililonse lipereke makilogalamu 8 a chimanga ndi awiri a soya, matumba 40 akwana.

Sonkhani mu Meyi ndi Juni anthu akukolola. Mukadikira Okutobala, aliyense amakhala atayamba kale kuwerenga ndowa zotsala m'nyumba. Yezani pa sikelo, chifukwa ndowa zimasiyana ndipo mikangano imayambira pomwepo. Agogo olera ana amasiye ndi mabanja amene sanakolole asakakamizidwe. Angabweretse nkhuni kapena kuthandiza kupeta. Ndipo gwirizanani msonkhano usanathe kuti palibe mwana amene adzamanidwe phala chifukwa kwawo sanasonkhe. Mwana ameneyo ndiye mwini wake wa phalali.

Chimanga chikhala miyezi isanu ndi umodzi chikudikira, choncho chiumitseni bwino mpaka njere izilira mukailuma. Sankhani n'kutaya chowola ndi chachuku, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto ndipo amawononga chiwindi. Matumba a PICS, aja a zigawo zitatu osalowa mpweya, amapha anankafumbwe popanda mankhwala, bola muwamange bwino chigawo chilichonse ndipo makoswe asawaboole. Mukathira mankhwala a ufa, tsatirani muyeso ndi nthawi zolembedwa pa botolo. Matumba asanjikidwe pa mitengo, asakhudze pansi kapena khoma. Wina akabweretsa chimanga cha mbewu, chija chopakidwa utoto, chibwezeni, sichidyedwa.

Soya wosakazinga amatupitsa mimba, amanunkha chiwisi, ndipo ana amalikana phala tsiku lachiwiri lomwe. Musankheni miyala, mukazingeni pa moto wochepa mukutakasa kwa mphindi 15 mpaka 20, mpaka afiirire pang'ono n'kumanunkhira ngati mtedza. Akazizira mumusinje pang'ono, mupete makoko, kenaka musakanize ndi chimanga chosakonola n'kupita kuchigayo. Tikufuna mgaiwa, chifukwa chakudya chambiri chimapita ndi gaga. Gayitsani wa sabata imodzi kapena ziwiri zokha. Ufa wa soya uli ndi mafuta, ukakhalitsa umawawa.

Pa ana 300 mukufuna phala la malita pafupifupi 120, choncho miphika itatu ya malita 50 ikwana. Sungunulani ufa m'madzi ozizira kaye musanauthire m'madzi owira, kuti phala lisachite mibulu, ndipo libwate kwa theka la ola. Thirani mchere wa ayodini. Shuga akapezeka ndi bwino, pakuti shuga wa kuno amathiridwa vitamini A, koma musamuyambe ngati simungathe kupitiriza. Ophika afike m'ma 5 koloko m'mawa kuti ana amwe asanalowe m'kalasi. Phala la 11 koloko limapeza a Sitandade 1 atatsala pang'ono kuweruka, ndipo limadya nthawi ya maphunziro. Gawani masiku ophika pa midzi, mayina alembedwe pakhoma. Abambo atenge nkhuni ndi madzi. Ntchitoyi ikasiyidwa kwa amayi asanu okhaokha, pofika Febuluwale amakhala atalema.

Januwale ndi nthawinso ya kolera. Mukukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Madzi achokere pa mjigo, athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amapereka, pakhale mipondagiya yokhala ndi sopo pafupi ndi mzere wa ana, ndipo wophika amene watsekula m'mimba akhale kunyumba. Phala lotsala lisagone.

Chotsiriza ndi chimene chimapha ntchito zambiri: kukayikirana. Chitseko cha mosungira chikhale ndi maloko awiri, kiyi wina kwa a komiti, wina kwa mayi wosankhidwa ndi makolo. Thumba lililonse lolowa ndi lotuluka lilembedwe m'buku, asayine anthu awiri, ndipo bukulo liziwerengedwa pa msonkhano mwezi uliwonse. Ngakhale kumene bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba ntchito yake kuno mu 2002, limapereka ufa, ophika amakhala anthu a m'mudzi momwemo. Buku lanulo ndi limene mudzaonetse a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu) ndi a ku khonsolo tsiku limene mudzapemphe thandizo.

Funso: Ndinalemba MSCE chaka chatha ndipo ndili pakhomo. Mng'ono wanga ali Sitandade 4 koma satha kuwerenga ngakhale mawu olembedwa pa paketi ya mchere, ndipo anzake ambiri ndi chimodzimodzi. Ine ndi anzanga atatu tikufuna tiziwaphunzitsa masana. Tichite bwanji? — Mnyamata wa ku Chikwawa

Yankho: Achimwene, mwagwira pamene pali bala. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 m'makalasi oyamba. Mwana amakhala kumbuyo, amayimba nawo zimene anzake akuyimba, n'kumakwera makalasi osadziwa chilembo. Akafika Sitandade 5, pamene maphunziro amasinthira ku Chingerezi, amagwa, amabwereza, kenaka amasiya. Mng'ono wanuyo watsala ndi chaka chimodzi kuti afike pamenepo.

Pitani kaye kwa amfumu ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Pemphani kuti mukhale nawo m'kalasi la Sitandade 1 masiku awiri kapena atatu. Chiyambire 2016, pansi pa National Reading Programme, ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga, ana amayamba ndi liwu la chilembo. Inu mukamawauza kuti "emu" pamene kusukulu akumva "mmm", muwasokoneza.

Kenaka yesani mwana aliyense payekha, mphindi zisanu basi. Mukhale ndi mapepala anayi: la malembo osakanizasakaniza, la maphatikizo monga ka, mu, le, la mawu khumi, ndi la kankhani ka mizere inayi. Pamene wayamba kudodoma ndi pamene ali. Agaweni m'magulu potengera pamenepo, osayang'ana kalasi kapena msinkhu. Mupeza wa Sitandade 5 ali gulu limodzi ndi wa Sitandade 2, ndiye maguluwo muwapatse mayina a mbalame kapena mitengo kuti wamkulu asachite manyazi. Muli anayi, choncho musapitirire ana 60, aliyense 15. Mukalandira mudzi wonse mwangomanganso kalasi lomwe lija lawalepheretsa.

Kumanani katatu pa sabata, ola limodzi, cha m'ma 3 koloko dzuwa la kuchigwa litayamba kupepa. Mphindi khumi zoyamba munene nthano kapena muwawerengere nkhani, n'kuwafunsa zimene zachitika. Mphindi 15 zikhale za maliwu ndi maphatikizo, chilembo chatsopano chimodzi kapena ziwiri patsiku. Mphindi 20 aziwerengerana awiriawiri inu mukuzungulira kumvetsera mmodzimmodzi; gawo limeneli ndi limene sukulu imalephera kupereka, musalidumphe. Zotsalazo alembe, pansi ndi chala kapena pa katoni ndi khala.

Chichewa chili ndi ubwino woti chimalembedwa monga chimamvekera. Mwana akadziwa a, e, i, o, u ndi malembo ochepa monga m, n, k, l ndi t, amayamba kale kumanga mawu: ana, mano, kalulu, mutu. Lembani maphatikizo pa zitsekerero za mabotolo kapena timakatoni, mwana azisuntha yekha kupanga mawu. Pamene ambiri amapunthwa ndi pa h ndi pa malembo ophatikizana. Awonetseni mawu awiriawiri: pala ndi phala, kola ndi khola, ngolo ndi ng'ona. Aike dzanja pakamwa amve mpweya ukutuluka potchula "pha". Mb, nd, nkh, mph ndi ntch zibwere pang'onopang'ono zosavuta zitakhazikika.

Chenjerani ndi kuloweza. Mwana amatha "kuwerenga" tsamba lonse maso ali kumwamba. Phimbani chithunzi, sinthani dongosolo la makadi, lozani mawu kuyambira kumunsi. Kwanuko ana ena amalankhula Chisena kunyumba. Afotokozereni tanthauzo m'chinenero chawocho, chifukwa kutchula mawu osawamva si kuwerenga. Bwerezani kuyesa kuja pakatha masabata asanu ndi limodzi ndipo zotsatira muzilembe m'kope. Mwana amene sakusuntha konse musamutche mbuli. Muyimirireni kumbuyo n'kumuitana motsitsa mawu, muone ngati akumva; muoneninso ngati amafinya maso kapena kuyandikitsa pepala kumphuno. Mukakayika, makolo apite naye kuchipatala, ndipo a PEA akulozereni mphunzitsi wa ana olumala wa m'dera lanu, mwa aja amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi.

Phunzitsirani poyera, pansi pa mtengo kapena pa tchalitchi zitseko zili zotsekula. Pazikhala mayi mmodzi wa m'mudzi nthawi zonse, musakhale ndi mwana m'nyumba muli awiri, musamenye, ndipo ana aziweruka kusanade. Zimenezi zimateteza ana, zimatetezanso dzina lanu. Kambiranani ndi amfumu kuti ntchitoyi iwerengedwe ngati gawo lanu la chitukuko cha m'mudzi, ndipo yambani msanga kuphunzitsa wina wodzalowa m'malo mwanu, chifukwa mmodzi wa inu akadzapeza ntchito m'tauni gulu lake lisadzabalalike.

Funso: Mdzukulu wanga wabwezedwa kawiri chifukwa alibe yunifolomu. Ndilibe ndalama. Kodi n'zololedwa? — Agogo a ku Thyolo

Yankho: Ayi, agogo. Pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994 linachotsanso lamulo lokakamiza yunifolomu, ndipo mwana sayenera kubwezedwa chifukwa cha chovala kapena chifukwa sanapereke ndalama ya chitukuko cha sukulu. Mawa mumuperekeze nokha, mutenge mmodzi wa amayi a mother group kapena wa komiti, mukaonane ndi mphunzitsi wamkulu mofatsa. Zikakanika, ofesi ya a PEA ili ku TDC, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi a dera lanu. Komabe tikudziwa kuti mwana wovala zosiyana ndi anzake amasekedwa. Tikupempha makomiti kuti teremu yachitatu ikamatha azitolera mayunifolomu a ana a Sitandade 8 amene alemba mayeso, ndi ena amene yawathina, n'kuwachapa, kuwasoka ndi kuwagawa mwakachetechete, osati pa asembule.

Funso: Ndife a mother group. Mtsikana wa zaka 15 wa Sitandade 7 ali ndi pakati, ndipo wamupatsa ndi bambo wa geni pa msika. Makolo agwirizana kuti bamboyo apereke ndalama n'kumutenga. Mtsikanayu ndi wanzeru. Tingamuthandize bwanji? — Mlembi wa mother group, Dedza

Yankho: Amayi, pali nkhani zitatu pamenepa ndipo musazisakanize: mlandu, thanzi ndi sukulu.

Munthu wamkulu kugona ndi mwana wa zaka 15 ndi mlandu waukulu wa kupolisi, ngakhale wina anene kuti mtsikanayo anavomera. Suthera pa bwalo la amfumu ndi mbuzi kapena ndalama. Ukwatiwonso ndi wosaloledwa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko n'kutseka mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Dziwitsani woteteza ana wa m'dera lanu kapena ofesi ya Social Welfare pa boma, ndi apolisi a Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi yaulere. Musapite nokha kukakangana ndi bamboyo, ndipo musaitanitse msonkhano wa mudzi wonse mtsikanayo atakhala pakati.

Ayambe sikelo sabata ino, wina wa inu amuperekeze. Thupi la mwana wa zaka 15 silinakhwime. Chiopsezo cha kuchepa magazi, kuthamanga kwa magazi ndi kuvutika pobereka mpaka kudwala fistula n'chachikulu. Akachilire kuchipatala, ndipo masiku akayandikira akadikirire komweko.

Tsopano sukulu. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera ku sukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, ndipo inakonzedwanso mu 2018. Pitani ndi kholo kwa mphunzitsi wamkulu kuti zilembedwe kuti mtsikanayu wachoka chifukwa cha pakati ndipo adzabwerera. Funsani tsiku lodzabwererelo, mulilembe m'buku lanu, ndipo kalata ina isungidwe ndi inu. Atsikana ambiri amangosowa mwakachetechete chifukwa cha manyazi, dzina n'kufufutidwa, pobwerera n'kupeza mphunzitsi wamkulu ndi wina wosadziwa chilichonse. Ngati akuopa kunyozedwa, angapemphe kusamukira ku sukulu ina yapafupi.

Pepala lokha silibweza mwana ku sukulu. Kwanu ku Dedza komweko Inkosi Kachindamoto inatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuchotsa pa udindo mafumu amene ankawavomereza, ndipo inkalimbikiranso kuti anawo abwerere m'kalasi. Gawo lachiwirili ndi limene limavuta. Makolo avomera ndalama za bamboyo chifukwa pakhomo palibe sopo, ndipo mukathetsa ukwati n'kuchoka, pakatha miyezi itatu mtsikana amabwerera yekha. Khalani nawo pansi makolowo mosawaweruza, mugwirizane zinthu zooneka: adzatsala ndi khanda m'mawa ndani, dzina lake litchulidwe, likadali loyamwa, adzalibweretsa pa nthawi yopuma ndani, phala la mwana, sopo ndi makope zidzachokera kuti. Khanda limafunika bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndiye konzani masiku moganizira zimenezo. Pamene ali kunyumba, mnzake mmodzi azimubweretsera manotsi Lachisanu lililonse, kuti mutu usachoke ku sukulu. Akabwerera, aphunzitsi achenjezedwe kuti mawu oti "make mwana" asamveke m'kalasi, kaya kwa ana kaya kwa iwo eni. Mmodzi wa inu azimuyendera sabata iliyonse teremu yoyamba yonse.

Pamene mukuthandiza uyu, yang'anani anzake a Sitandade 6 mpaka 8. Funsani kuti ndani amajomba masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse. Mapadi osoka asanu kapena asanu ndi limodzi, makabudula amkati awiri, sopo, ndi chipinda chosinthiramo chokhala ndi chitseko chotsekeka ndi ndowa ya madzi zimachotsa chifukwa chimodzi chimene mtsikana amalandirira ndalama kwa abambo a pa msika. Auzeni kuti mapadiwo aziyanikidwa padzuwa, ngakhale ataphimbidwa ndi kansalu kopyapyala. Oumira pansi pa mphasa amayambitsa zilonda ndi fungo.

Funso: Tinakhazikitsa lamulo loti kholo la mwana wojomba lizilipira nkhuku. Poyamba zinayenda, pano anthu sakulipira ndipo ana akujombabe. Tikweze chindapusa chikhale mbuzi? — Gulupu wa ku Kasungu

Yankho: Zikomo amfumu. Musakweze. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti pulayimale ndi yokakamiza, choncho muli pa chilungamo, koma onani amene akulephera kulipirawo. Ambiri ndi agogo, amayi olera okha ana, ndi makomo amene wamkulu wake ndi mwana. Wopanda nkhuku sangaope mbuzi, ndipo lamulo limene simungathe kulikwaniritsa limapeputsa mpando.

Chindapusa chiloze amene akupindula ndi kujomba kwa mwana: mwini kanema amene amalowetsa ana nthawi ya sukulu, mwini ng'ombe amene walemba mbusa wa zaka khumi, mlimi amene akusokesa ana fodya. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Amenewo ali nazo zolipira, ndipo akalipira kamodzi mudzi wonse umamva.

Kwa makolo, chimene chimagwira ntchito ndi kufika msanga. Mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa ana onse a zaka 6 mpaka 17, kalasi lawo ndi amene akuwasunga. Lachisanu lililonse mphunzitsi wamkulu apereke mayina a ana amene ajomba masiku atatu otsatizana. Pofika Lolemba, anthu awiri, wa komiti ndi wa mother group, akhale atafika pakhomopo. Funso lawo likhale loti "chavuta n'chiyani?" ndipo yankho alilembe. Mwana amene wajomba sabata imodzi amabwerera mosavuta. Amene watha mwezi amaopa kusekedwa ndi kukalipiridwa, ndipo manotsi amuthawa kale.

Pakatha teremu, mayankho aja akuuzani chochita. Ngati ambiri akuti njala, werengani yankho loyamba lija. Ngati ndi mtsinje wodzadza, pakhale akuluakulu owolotsa ana mwa kasinthasintha. Ngati akujomba tsiku la msika, lankhulani ndi a komiti ya msika. Ngati ndi chinamwali kapena kudambwe, inu ndi amene muli ndi mphamvu yolamula kuti zizichitika pa tchuthi chachikulu cha Ogasiti, zithe sukulu isanatsegulidwe. M'midzi ina ya m'chigawo chapakati gule wamkulu amatuluka m'mawa kuperekeza ana ku sukulu. Zimadzutsa aulesi, koma sizichiza njala, ndipo ana ang'onoang'ono ena amathawira kutchire m'malo mwa kukalasi. Ngati mukutero, pakhale akuluakulu oyenda nawo. Makomo osaukitsitsa opanda munthu wa mphamvu zogwira ntchito muwatchule ku VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) ndi kwa a Social Welfare, kuti kalembera wa Mtukula Pakhomo akamachitika asadumphidwe. Ndondomekoyi, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imawonjezera kangachepe pa mwana aliyense wa pa sukulu.

Kaundulayo akuthandizaninso kupeza ana a zaka 6 amene sanayambe. Makolo amati "akadali wamng'ono, sukulu ili kutali", mwana n'kuyamba ali ndi zaka 9. Mtsikana wotero amatha msinkhu ali Sitandade 4 kapena 5, pakati pa tiana, ndipo kawirikawiri safika Sitandade 8.

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Ndinkatumiza ndalama kwa achibale kuti ana awiri a malemu mchemwali wanga aphunzire ku sekondale yoyendera ya CDSS, koma ndamva kuti wamkazi anasiya kale ndipo wamwamuna akufuna kunditsatira kuno. Ndalakwitsa pati? — Malume a ku Mangochi

Yankho: Pepani malume. Mtima wanu sunalakwe. Njira ya ndalama ndi imene inali ndi mabowo. Ndalama ikafika pakhomo pamene pali njala ndi matenda imapita ku chimene chikuwawa tsiku limenelo, ndipo nthawi zambiri si kuba ayi. Siyanitsani ziwirizi: ya pakhomo ipite kwa achibale, ya sukulu iyende payokha. Chilichonse cholipira ku sukulu chipite ku akaunti ya sukuluyo, osati ku nambala ya munthu, ndipo lisiti mulione pa WhatsApp. Pezani nambala ya mphunzitsi wamkulu kapena wa kalasi, muziyimba kawiri pa teremu, ndipo lipoti la mayeso lizikufikani musanatumize za teremu yotsatira.

Anthu ambiri amaganiza za fizi yokha, pamene chimene chimagwetsa mwana wa ku CDSS ndi tinthu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku. Lembani mndandanda wa teremu: makope, zolembera, kalikuleta ndi zida za masamu, nsapato, sopo wochapira ndi wosambira, mafuta odzola, mapadi a mtsikana, ndi nyali ya sola yowerengera usiku. Mugwirizane ndi golosale imodzi yodalirika kuti mwana azikatenga zimenezi mwezi ndi mwezi inu mukulipira pa Airtel Money kapena Mpamba.

Funsani mtunda. Mwana woyenda makilomita 10 m'mawa amafika phunziro loyamba litatha. Njinga imathandiza, bola ilembedwe kuti ndi ya sukulu, isakhale ya kabaza kapena yopitira kuchigayo, ndipo muikepo kangachepe ka matayala ndi machubu. Ngati mtsikanayo ankachita lendi kufupi ndi sukulu, mwina ndi pamene zinasokonekera. Atsikana odzisunga okha m'tinyumba topanda loko, ufa ukatha pakati pa mwezi, amagwa m'manja mwa anthu oipa. Ngati palibe hositelo, apeze malo m'nyumba ya banja lodziwika, amayi a mother group avomereze malowo ndipo aziyenderako. Muyimbireni iye mwini, osati kudzera mwa ena, mumufunse modekha chimene chinachitika. Kaya ndi pakati kaya ndi kusowa, khomo lobwerera lilipo, ndipo mphunzitsi wamkulu akuuzani ngati malo ake akadalipo kapena alowe m'makalasi a masana.

Mnyamatayo akuona zimene anyamata ambiri a kwanuko amaona: a ku Joni akubwera pa Disembala ndi njinga zamoto ndi malata, pamene amene anakhoza MSCE akungokhala. Palibe mphunzitsi amene angamutsutse zimenezo kuposa inu. Muuzeni za lendi ya kumeneko, za mapepala, za masiku amene munagona ndi njala musanapeze ntchito. Kenaka mupangane chinthu chogwirika: mumulipirira mpaka Fomu 4, ndipo akalemba mayeso mudzakambirana za sukulu ya ntchito zamanja kapena mpamba wa bizinesi. Musanalonjeze, werengerani ngati mungathe zaka zonse zotsalazo ngakhale randi itavuta, ndipo ndalama ya teremu imodzi muisunge padera kuti mwezi umene ntchito yaduka ana asadukenso sukulu.